Kalata Yondiloleza Kujomba

Pasukulu yathu, kuseri kwa Chonde, mwana akajomba masiku atatu otsatizana ankamutumira anthu. Aphunzitsi aakulu, a Alufeyo, amene ankaphunzitsanso kalasi yathu ya Sitandade 7, ankasankha ana asanu ndi mmodzi amatupi a mu Sitandade 8 n'kuwauza kuti, "Pitani mukamutenge." Anawo ankapita akuimba njira yonse, wina akumenya chitini, kuti mudzi wonse udziwe khomo limene likusunga wojomba. Makolo ankachiopa chitinicho kuposa mwanayo. Chaka chimenecho chinali 1977, ndipo khomo lodziwika ndi kubisa mwana wa sukulu linkadziwikanso kwa atcheyamani a chipani. Munthu ukaitanidwa kumeneko chakudya sichinkalowanso kukhosi.

M'kaundula a Alufeyo anali ndi zizindikiro zitatu. Wobwera ankamuikira kamzere. Wojomba ankamuikira kozungulira kamene ife tinkati dzira, ndipo mazira atatu ndiwo ankaitana chitini. Chachitatu chinali kamtanda. Aka kanali ka ana a kalabu ya alimi achinyamata, amene ajomba ndi chilolezo cha alangizi a zaulimi, ndipo powerengera masiku kamtanda ankakatenga ngati mwanayo anabwera.

Anzanga ambiri analowa kalabu pothawa masamu a Lachinayi. Ine ndinalowa chifukwa ndinkaikonda, ndipo ndisabise, ndinali ndi dzanja. Ndikabzala chinthu chinkamera. Alangizi athu, a Sungani, bambo wamtali woyenda pa njinga yakuda atamanga miyendo ya thalauza ndi mphira, anaziona zimenezi msanga. Atafuna malo oika munda wachitsanzo wa chimanga cha haibulidi, anakana bwalo la sukulu chifukwa cha miyala ndi mbuzi za oyandikana nawo. Anasankha chigawo cha munda wa amayi, m'mbali mwa njira yopita kumsika, kuti aliyense wodutsa aziona. Wosamalira anati akhale ine, Dainess.

Anandilembera kalata ya pataipi, ya chidindo chofiirira pansi pake. Inati Dainess aloledwe kusabwera kusukulu masiku amene akusamalira munda wachitsanzo wa kalabu, kufikira chimanga chitachoka m'munda. A Sungani ankatanthauza tsiku lobzala, lothira feteleza, masiku awiri atatu opalira ndi kubandira. Koma masikuwo sanawalembe. Ndinainyamula kalatayo ndi manja awiri, mtima uli m'mwamba, chitsiru ine. Ndisanakaipereke kusukulu ndinadzera nayo pa Chonde kukaonetsa amalume.

Amalume a Jailosi anali mlongo wa amayi, eni mbumba yathu. Bambo anapita ku Joni mu 1973, amayi ali ndi pakati pa mwana wotsiriza, ndipo anzawo onse atabwerera iwo anatchona. Kuyambira pamenepo mawu omaliza pakhomo pathu anali a amalume. Ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina, ndipo sanali munthu wankhanza ayi. Yunifolomu yanga anasoka ndi iwo, mpendero wake waukulu kuti ndizikula nayo. Kalatayo anaiwerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mawu, n'kuyambiranso. Kenaka anandibwezera n'kunena kuti, "Iyi ndi kalata yabwino."

Teremu yoyamba inatha bwino. Ndinapanga mizere poyeza ndi ndodo, ndinabzala motsata chingwe, feteleza ndinkayeza ndi kachitsekerero ka botolo pa phando lililonse. Amayi ankaseka kuti chimanga chobzalidwa chokha, chopanda nandolo kapena dzungu pakati, n'chimanga chamasiye. Tsiku lina anaponyamo nandolo mobisa. Zitamera ndinazula, ndipo tinakhala tsiku lathunthu osalankhulana.

Januwale atafika mvula inalimba, tiyi anaphuka, ndipo malole a kuesiteti anayamba kudzatenga othyola m'mamawa. Pakhomo panalibe chakudya chokwanira, ndiye amayi anayenera kupita. Koma panali ana awiri aang'ono osowa wowasiyira. Lamlungu la sukulu isanatsegulidwe amalume anabwera n'kukhala pampando wa bambo.

"Achemwali, inu muzipita kutiyi," anatero. "Ana azitsala ndi Dainess."

"Nanga kusukulu?" anafunsa amayi, maso ali pansi.

"Sukulu yake iti? Boma lamuloleza lokha, chidindo ndinachiona ndi maso angawa. Ife ndife ndani kuti titsutse boma?" Anaseka pang'ono, kenaka anandiyang'ana. "Kalata umatha kuwerenga, kulemba umatha. Chatsala n'chiyani? Usamale chimanga cha boma, usamale abale ako."

Ndinakwiya, koma mwana wamkazi wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi sankayankha mwini mbumba. Ndinadziuza kuti ndi za sabata imodzi, kusukulu aona okha kuti kalabu siigwira ntchito tsiku lililonse. Sabata inatha, yachiwiri inatha.

Masiku amenewo anali aatali. Amayi ankachoka kusanayere, atavala chisaka kumutu chotchinga mvula. Akuluakulu onse amphamvu a mbali yathu ankakwera lole yomweyo, ana n'kupita kusukulu, mudzi n'kutsala wa nkhuku ndi ine. Belu la sukulu linali chitsulo chakale cha galimoto chopachikidwa pamtengo wa mango, ndipo mphepo ikachokera kumeneko linkamveka mpaka kumunda kwathu. Ndinkadziwa tanthauzo la kulira kulikonse. Ili ndi la pamzere, ili masamu atha, ili apuma. Ndinkaima pakati pa chimanga, mwana ali kumsana, ndikunena ndekha mitsinje ya mu Afirika ndi matebulo a kuchulukitsa kuti ndisaiwale. Ndikafika pamene tinalekezera ndinkangoyambiranso, chifukwa za kutsogolo sindinkazidziwa. Ndinali wosungulumwa kwambiri, moti nthawi zina ndinkafunsa mafunso mwana wa zaka zitatu n'kumukalipira akalephera.

Chimanga chokha ndicho chinkasangalala. Chinakula chakuda bii, mizere yowongoka, chilichonse msinkhu wofanana ndi chinzake. Anthu opita kumsika ankatsitsa madengu n'kuima. Ena ankati ndi mankhwala achizungu, ena ankati mwanayu ali ndi chizimba. Ndinkawamva ndili m'kati osaoneka, ndipo ndinkanyada. Ndi chinthu chovuta kuchifotokoza, kunyadira chimene chikukutsekera pakhomo.

Pafupi ndi ife pankakhala Rosie, mtsikana wa mu Sitandade 5 amene sukulu inkamununkha. Iye chitini chinkamubwerera kawirikawiri, moti agalu a pakhomo pawo anasiya kuuwa. Tsiku loyamba kumva nyimboyo ikubwera m'njira yathu ndinataya khasu n'kuthamangira kumsewu.

"Wojomba ali kuti? Tabwera kudzamutenga. Ndi wathu, ndi wathu, belu likumudikira."

Ndinaima poonekera, pafupi ndi chikwangwani cha kalabu. Anandidutsa. Mmodzi anakweza dzanja n'kunena kuti, "Mlimi, zikuyenda?" Rosie anamupeza atabisala m'nkhokwe, anatuluka naye ali ndi fumbi kumutu, akutukwana. Podutsanso anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe ndiye uli ndi mwayi." Ndinamusirira kwambiri mtsikana ameneyo.

Mwina mukuti bwanji sunangowauza a Sungani. Ndinayesa. Ankabwera Lachinayi lililonse lachiwiri, ndipo anali munthu yekhayo wamkulu wolankhula nane ngati ndili ndi nzeru. Ankagwada pamzere, kutembenuza tsamba kufuna mbozi za kapuchi, n'kundifunsa maganizo anga. Anandiuza kuti pakati pa Malichi kudzakhala tsiku lachionetsero, kudzabwera lole ya alimi ochokera ku Nkando ndi akuluakulu a kuboma, ndipo wofotokoza ndidzakhala ine.

"Alangizi, kusukulu ndikutsalira," ndinatero.

"Masamu sathawa, Dainess, koma mvula imathawa. A hedi ndinalankhula nawo, akuti usadandaule ngakhale pang'ono." Sanadziwe kuti sindipita n'komwe. Iwo ankandipeza kumunda tsiku la kalabu, ndipo n'kumene ankayembekezera kundipeza.

Mawu anafika pakamwa, koma ndinawameza. Ndikanati amalume akugwiritsa ntchito kalata ya boma kuti atsekereze mwana pakhomo, nkhaniyo sikanathera pa njinga ya a Sungani. Chaka chapitacho bambo wina wa kutsidya kwa mtsinje anatengedwa pa galimoto chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewo, ndipo mkazi wake anali akudikirabe. Ndinkafuna sukulu, koma sindinkafuna kuti amene anandisokera yunifolomu akwere galimoto imeneyo chifukwa cha pakamwa panga.

Pakati pa Febuluwale kunabwera mlendo. Anali a Bonface, kalaliki woyeza tiyi kuesiteti, wa wotchi padzanja ndi kadazi koyamba kumene. Anabwera ndi amalume Lamlungu masana, anazungulira munda wachitsanzo manja ali kumbuyo ngati oyendera sukulu, n'kuyamikira. "Manja awa ndi osowa," anatero, osandiyang'ana ine koma chimanga. Anandituma madzi akumwa kawiri ngakhale kunali kozizira.

Atapita, amayi ankasenda chinangwa kuseri kwa nyumba. Zala zawo zinali zakuda ndi zong'ambika chifukwa cha tiyi.

"Akuti chimanga chikachoka m'munda abwera ndi ankhoswe," anatero.

Chikomekome cha mkuyu. Chikwangwani chija chinali cha kalabu, koma wotsatsidwa m'mbali mwa njira ndinali ine.

"Amayi, mawa ndipite kusukulu?"

Anapitiriza kusenda chinangwa. "Ukapita wekha wanyoza amalume ako, ndipo wandinyozetsa ine. Koma akabwera okha kudzakutenga, palibe amene wanyozedwa. Amalume ako sangalimbane ndi chitini." Anaponya chinangwa m'beseni. "Koma nanga angabwere bwanji, kalata ilipo?"

Amayi ankangodandaula, sankandipatsa nzeru. Koma ine ndinayenda nawo mawu amenewo masiku anayi. Chimanga chikakhala chili chiimire, kalata ili ndi mphamvu. Ndikadikira kuti chiume, tsiku lomwe kalata idzathe ndi lomwe ankhoswe adzafike. Njira ndinaiona imodzi yokha, ndipo ndinkaida.

Lachinayi la a Sungani, lole ya tiyi itangochoka, ndinakhazika ana pansi pa mtengo wa peyala n'kuwapatsa mbatata. Ndinatenga chikwanje cha bambo. Chimanga chinali chitabereka ziwiriziwiri, ndevu zitangoyamba kuda. Ndinayambira mzere wa kunjira, umene unali wokongola kuposa yonse, kuti ndisakhalenso ndi pobwerera. Phesi laliwisi silivuta kudula, limangoti tswa n'kugwa ndi masamba ake onse. Fungo lake linali lotsekemera ngati la mzimbe. Ndinalira kuyambira mzere woyamba mpaka wa makumi atatu, ndipo sindinapume, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikaima sindipitirizanso. Mayi wina wopita kumsika anaima n'kufunsa ngati ndapenga. Ndinapitiriza kudula, ndipo anafulumira kuchoka, chifukwa masiku amenewo munthu sunkafuna kukhala mboni ya chimanga cha boma chikugwa.

A Sungani anafika dzuwa litakwera. Njinga sanaitsamiritse pamtengo monga mwa masiku onse, anangoisiya igwe. Anayenda m'mizere pang'onopang'ono, anatola chimanga chimodzi, anachisenda n'kubaya njere ndi chikhadabo. Munatuluka mkaka.

"Wadula ndani?"

"Ndine."

"Wakutuma ndani?"

Funso limenelo ndinali nditalikonzekera. "Palibe. Ndatopa nayo kalabu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndikanakonda akanandimenya. "Ndinkakuwerengera, Dainess," anatero. "Ana onse a kalabu m'dera langa, ndinkatchula iwe." Anazula chikwangwani n'kuchimangirira pa kaliyala. "Kuofesi ndikanena kuti munalowa ng'ombe. Usadzanene china kwa munthu aliyense, wamva? Pano ndikupita kusukulu kukachotsa kalata yanga. Siulinso wa kalabu."

Zimenezi ndi zomwe ndinkafuna, koma atazimiririka pakhota ndinakhala pansi pakati pa mapesi ngati pamaliro. Bambo ameneyo sanandipatsenso moni. Tinkakumana pa Chonde zaka zambiri pambuyo pake, ine ndili mayi wa ana, iwo n'kuyang'ana kumbali.

Madzulo amalume anabwera akuthamanga, nkhani itawapeza pamakina. Anaima m'mphepete mwa munda atagwira pakamwa. "Watiika pamoto," anatero. "Ukudziwa kuti anthu amapita chifukwa cha zochepa kuposa izi?" Nditawauza za ng'ombe za a Sungani anapumira m'mwamba, n'kuyamba kuuza aliyense wodutsa kuti ng'ombe za masiku ano zilibe abusa. Sabata imeneyo mbali yathu yonse inadya chimanga chachiwisi, chophika, chootcha, mpaka ana anatsegula m'mimba. A Bonface anatumiza mawu akuti mwana ndi mwana, iwo maganizo sanasinthe, abwera pa Isitala.

Ine ndinayamba kuwerenga. Lachisanu, dzira loyamba. Lolemba, lachiwiri. Lachiwiri, lachitatu. Lachitatu m'mawa ndinasamba, ndinavala yunifolomu n'kufunda chitenje pamwamba kuti isaoneke. Makope ndinawaika m'thumba kuseri kwa chitseko. Ana ndinali nditagwirizana ndi agogo ake a Rosie, osaona bwino koma amakutu akuthwa, kuti ndikawasiye kumeneko tsiku limenelo lokha. Ndinakonzekanso kulira pang'ono ndi kukanakana, kuti zioneke kuti anditenga mokakamiza. Ndinakhala pakhonde.

Belu la pamzere linalira. La masamu linalira. Mthunzi wa nyumba unafupika mpaka unafika kumapazi kwanga. Ana a sukulu anayamba kudutsa akuweruka, akukankhana, ndipo palibe anayang'ana kuno. Ndinavula yunifolomu n'kuipinda. Ndinadziuza kuti mwina a Alufeyo ayambira kuwerenga Lolemba.

Lachinayi ndinavalanso. Kunagwa mvula ya mvumbi tsiku lonse, ndipo ndinati n'chifukwa chake, ndani angatume ana pamvula yotere.

Lachisanu kunacha bwino, phiri lalikulu la kwathu likuoneka lonse mpaka mathithi ake. Cha m'ma naini ndinamva chitini. Ndinaimirira. Ndinachotsa chitenje, kenaka ndinachifundanso, pokumbukira kuti wojomba sapezeka atavala kale. Nyimbo inayandikira, ndi wathu, ndi wathu. Anatulukira pakhota, asanu ndi mmodzi, anadutsa munda wa zitsa za chimanga, anafika pamphambano ya kanjira kathu, n'kukhotera kwa Rosie.

Nthawi imeneyi Rosie anali pamwamba pa mtengo wa mango, ndipo anamutsitsa ndi miyala. Pobwerera ndinali nditaima panjira penipeni, yunifolomu ili poyera.

"Ine sanakutumeni?" ndinafunsa mtsikana wa chitini.

"Iwe? Ayi. Anangoti Rosie." Anandizungulira ngati chitsa n'kupitiriza nyimbo.

Sindikudziwa kuti ndinaima pamenepo nthawi yaitali bwanji. Ndinali nditadula chinthu chabwino koposa chimene ndinapangapo, ndinali nditataya munthu yekhayo wondiwerengera, ndipo panalibe amene akubwera. Chisoni chinatha, panatsala mkwiyo. Ndinakwiyira a Alufeyo, a Sungani ndi taipi yawo, bambo ndi Joni yawo, ngakhale Rosie amene sukulu yonse inkamuthamangira pamene iye sankaifuna. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinkaudziwa mwambiwo kuyambira kale, koma ndinali ndisanaganizepo kuti kunja kwa chitsekoko munthu amatuluka yekha.

Lamlungu ndinachapa yunifolomu n'kuiyanika pachingwe cha kutsogolo, osati kuseri. Amayi anaiona n'kuisiya pomwepo. Lolemba m'mamawa ndinamva akudzutsa ana. Wamng'ono anamubereka, wamkulu anamugwira padzanja.

"Mukupita nawo kuti?"

"Kutiyi. Akakhala pansi pa mtengo, ena amatero." Anaima pakhomo atandifulatira. "Ine sindinaone kanthu, ndachoka kusanache."

Ana amenewo anakhala miyezi itatu m'mphepete mwa minda ya tiyi, pamvula ndi udzudzu, ndipo wamng'onoyo anadwala chifuwa chimene sichinamuchoke mpaka atakula. Ichi ndimachidziwa, ndipo sindinapeze wina womuikira mlandu wake.

Amalume ndinakumana nawo pamlatho wa mitengo, akukankha njinga, mutu wa makina osokera uli pa kaliyala. Anayang'ana yunifolomu, n'kuyang'ana thumba la makope.

"Ukupita kuti?"

"Kusukulu."

"Akuitana?"

"Ayi."

"Ndiye wadziitana wekha." Sanakweze mawu. Nkhope yawo inali ya munthu wochita manyazi osati wokwiya, chifukwa kumbuyo kwawo kunkabwera amayi awiri a madengu ndipo anali atamva zonse. "Chabwino. Wadzipezera amalume ena. Za iwe ndasamba m'manja."

Anasuntha njinga kuti ndidutse. Mawu awo anawasunga. Nkhani ya a Bonface inafera pomwepo, chifukwa panalibe nkhoswe wa kuchikazi woti alankhule naye. Koma nditadzapeza mwamuna wanga zaka zisanu ndi zitatu pambuyo pake, amalume anakananso kuimirira, ndipo tinachita kupempha munthu wa kutchalitchi. Anamwalira tisanalankhulane, ndipo ndinawalira kwambiri.

Kusukulu ndinafika belu la pamzere litalira kale. Ndinkayembekezera ndodo kapena kukumba dzenje la zinyalala, ndipo ndikanazilandira ndi manja awiri. Palibe anandiimitsa. M'kalasi, pabenchi pamene ndinkakhala panali mtsikana wina wachilendo. Ndinatola njerwa panja n'kukhala kumbuyo pafupi ndi khomo. Anzanga ena anatembenuka n'kumwetulira, mmodzi ananong'ona kuti "mlimi", basi. Pabolodi panali masamu a zizindikiro zimene ndinali ndisanazionepo.

A Alufeyo analowa ndi kaundula kukhwapa, anakhala pansi, anatsegula cholembera n'kuyamba kuitana. Ankatitchula motsata zilembo za maina athu oyamba, atsikana poyamba.

"Christobel."

"Ndilipo."

"Esteri."

"Ndilipo."

Ndinakweza dzanja. Sanaone, maso anali m'buku. Ndinaimirira.

"Aphunzitsi, mwandidumpha."

Anatukula mutu, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo anaoneka wosangalala ndithu. "Aa, Dainess. Wabwera? Pepa ndi za ng'ombe zija, alangizi anatiuza." Anandikodola. "Sindinakudumphe. Bwera uone."

Ndinapita kutsogolo, ndipo anatembenuza buku kuti ndione bwino. Pamzere wa dzina langa panali timitanda, tolembedwa mwaudongo ndi inki ya buluu, tofanana tonse. Tinayambira tsiku lotsegulira mu Januwale. Tinadutsa Lachinayi limene ndinadula chimanga, tinadutsa masiku onse amene ndinakhala pakhonde, tinadutsa tsiku la lero, n'kupitirira m'masiku amene anali asanafike mpaka kumapeto kwa tsamba.

"Alangizi atanena kuti chimanga chichoka mu Epulo, ndinangodzaziratu teremu yonse tsiku limodzi, kuti ndisamavutike m'mawa uliwonse," anatero. "Kalata anadzatengadi, koma m'kaundula sitifufuta, oyendera sukulu amakalipa. Ndiye iwe ulipo kale mpaka titseke. Palibe wokuposa m'kalasi muno pa kabweredwe." Anatembenuzanso buku. "Kakhale pansi. Janet."

"Ndilipo," anayankha Janet.

Ndinabwerera panjerwa yanga. Teremu inali itatsala ndi milungu inayi, ndipo ndinabwera tsiku lililonse, pamvula ndi padzuwa. M'mawa uliwonse ndinkamva Christobel akuyankha, kenaka Esteri.